Uthenga ukamafera pakati pa ofesi ndi munda wa tiyi

Pa esiteti ya tiyi uthenga umayenda ulendo wautali. Umachoka kwa manejala wamkulu m'Chingerezi, kawirikawiri pa imelo kapena pa WhatsApp, n'kufika kwa manejala wa divishoni, chigawo chimodzi cha esiteti. Iyeyo amauza kalaliki ndi makapitawo m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Kapitawo amakaufuula m'munda cha m'ma 6 koloko m'mawa, anthu ena akumanga pulasitiki m'chiuno kuti asanyowe ndi mame, ena akukonza dengu kumsana, ena sanafike n'komwe. Pofika masana, zimene zachitika m'munda sizikufanana ndi zimene zinalembedwa mu ofesi. Bwana akuti anthu ndi amwano, anthu akuti bwana ndi wankhanza kapena watsankho. Ine ndimaona kuti milandu yambiri yotere siyambira pa mtima woipa. Imayambira pa zinthu zimene aliyense ankaganiza kuti n'zodziwikiratu, chonsecho n'zodziwikiratu kwawo kokha. Ndipo zambiri mwa izo zimatheka kuzikonza mkangano usanabuke.

Ku Thyolo ndi ku Mulanje kusakanikirana kwa mitundu pa ntchito si kwa lero. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo manja ambiri amene anatsegula minda ija anali a Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene anapeza Amang'anja ndi Ayao ali kale kuno. Ambiri anakhala pa malo a azungu n'kumalipira ndi thukuta lawo, ntchito ija ya thangata. Mpaka lero munthu akauzidwa kuti awonjezere ola popanda malipiro amati "imeneyi ndi thangata", ndipo manejala wanzeru amadziwa kuti mawu amenewo si nthabwala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alhomwe ndi 18.9 peresenti ya anthu a m'dziko muno, Ayao 13.3, Atumbuka 9.2, Asena 3.8. Pa esiteti imodzi ya ku Makwasa kapena ku Limbuli mukhoza kuwapeza onsewa: otchola ambiri a m'midzi yozungulira, aganyu okwera kuchokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje nyengo ya masamba ambiri kuyambira Disembala, ena owoloka malire ku Muloza, makalaliki ndi mamakaniko a ku Mpoto ndi Pakati, kenako mabwana ndi alendo ochokera kunja.

Onsewa amalankhulana m'Chichewa, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsika. Alhomwe ambiri a kuno Chichewa ndiye chilankhulo cha pakhomo, Chilhomwe chinatsalira kwa akuluakulu ndi a m'malire. Koma wa ku Nsanje amene wangofika kumene, kapena wa ku Milange amene sukulu anaphunzira m'Chipwitikizi, amamva Chichewa cha pamsika, osati cha malangizo a mankhwala. Sanganene kuti sanamve, chifukwa amene wavomera kuti sakumva amaopa kuti ganyu imuthera.

Ndiye funso lakuti "Mwamva?" n'lopanda ntchito. Yankho lake ndi "inde bwana" nthawi zonse. Mwana wa kuno amaleredwa kuti wamkulu akalankhula umavomera, ndipo "inde" ameneyo amangosonyeza kuti mawu afika m'khutu ndiponso kuti ulemu waperekedwa. Sakutanthauza kuti munthuyo wagwirizana nazo, kapena kuti ntchitoyo itheka. Chimodzimodzi "tiyesetsa" ndi "tiona". Bwana wochokera kunja amalemba m'buku lake kuti walonjezedwa, pamene wolankhulayo amakana mwaulemu.

Njira yake ndi kusintha funso. Tiyerekeze kuti gulu likupita kukapopera mankhwala opha udzu. Kapitawo asamangonena mamililita pakamwa. Abweretse kapu yoyezera yolembedwa mzere wa penti pamene mankhwala ayenera kulekezera, athire yekha koyamba onse akuona, adzaze madzi mu sipuleya mpaka pa mzere wake, kenako aitane munthu mmodzi, makamaka watsopano, kuti achite zomwezo uku akufotokozera anzake m'mawu ake. Akhale wina tsiku lililonse, kuti asaoneke ngati pali amene akumutola. Pamenepo ndi pamene mumazindikira kuti wina amaganiza kuti kuwonjezera mankhwala n'kuthandiza kampani, wina amatsukira sipuleya kumtsinje, wina akufuna kutenga chigubu chotha kuti akasungiremo madzi kunyumba. Mitundu ya pa lebulo iphunzitsidwe ndi chigubu chenicheni m'manja: mzere wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, wobiriwira. Chigubu chotha chitsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe mu sipuleya momwemo, chibooledwe, chibwerere ku sitolo. Malangizo a m'mawa asapitirire mfundo zitatu. Yachinayi imakankha yoyamba.

Nthawi ndi tsiku zinenedwe ndi manambala. "M'mamawa" wa mlonda si "m'mamawa" wa kalaliki. Ndipo kwa amene anazolowera Chipwitikizi masiku amawerengedwa mosiyana: Lolemba kwa iwo ndi tsiku lachiwiri, choncho mukati Lachitatu wina akhoza kubwera Lachiwiri. Nenani tsiku ndi deti, ndipo lembani pa bolodi la pa shedi yoyezera masamba.

Za ulemu ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa n'zimene zimaononga ntchito mwakachetechete. Mamanejala ambiri achinyamata amabwera kuchokera ku koleji ali ndi zaka zosakwana 30, n'kupatsidwa anthu amene anayamba kutchola tiyi iwo asanabadwe. Udindo umawapatsa mphamvu yolamula, koma suwapatsa chilolezo chonena "iwe" kwa mayi wa msinkhu wa amayi awo. Ndi "inu", ndi "amayi", "abambo", "achimwene", "achemwali", "a Uje", ndipo kwa Ayao "Che Uje". Mabwana akunja amene anatola Chichewa cha "bwera kuno", "fulumira", "chotsa ichi" ayenera kuuzidwa msanga ndi mnzawo wa kuno kuti akungofunika kuwonjezera "ni" kumapeto ndi "chonde" kutsogolo. Sakhumudwa nazo. Ambiri sadziwa kuti akhala akutukwana anthu miyezi yonseyi, chifukwa palibe analimba mtima kuwauza.

Moni ndi gawo la ntchito. Kufika pagulu n'kuyamba ndi "dzulo munatchola makilo ochepa" musanafunse mmene anthu adzukira kumatseka makutu onse. Mphindi imodzi ya "Mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji?" imakwana. Amene angathe kunena "Ajimwiche uli?" kwa Myao, "Mwawuka uli?" kwa Mtumbuka, kapena "takhuta" pothokoza Msena, anene, koma anene kwa munthu amene akudziwa kuti ndi wa chilankhulo chimenecho, osati kungoganizira poona nkhope kapena chovala.

Maso nawo amasokoneza. Wantchito akamadzudzulidwa amayang'ana pansi, ena amagwira chipewa m'manja, amayi ena amanjuta. Umenewo ndi ulemu. Mzungu kapena Mmalawi amene anakhalitsa kunja amaona ngati munthuyo akubisa kanthu, n'kumuuza kuti "ndiyang'ane m'maso", chinthu chimene kwa wantchitoyo n'chipongwe. Kumwetulira pamene ukukalipiridwa nakonso nthawi zambiri ndi manyazi, si kuderera. Ndipo kudzudzula kuchitikire pambali. Bambo amene wanyozedwa pamaso pa mkazi wake, mpongozi wake kapena ana a mlongo wake, amene mwina akutchola mzere womwewo, sadzaiwala. Sayankha tsiku limenelo. Mudzangoona makilo akutsika, kapena nkhani yafika kwa amfumu isanafike ku ofesi.

Tsopano maliro. Palibe nkhani imene imadanitsa ofesi ndi antchito kuposa imeneyi. Kalaliki amatsegula faelo n'kupeza kuti munthu yemweyu anapita kale ku maliro a mayi ake chaka chatha, lero akuti mayi ake amwaliranso. Amati wagwira wabodza. Koma mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, mkulu wawo ndi mayi ako, ndipo mwina ndi amene anakulera. Fomu ya kampani inalembedwa motengera banja la bambo, mayi ndi ana, pamene kuno kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao mtundu umayenda kuchikazi. Amalume ndi mwini mbumba. Akamwalira, mwana wa mlongo wawo sangangopita kukakhuza n'kubwerera, pali zokambirana za ana, za munda, za amene alowe m'malo. Mkamwini naye ali ndi ntchito yake pa maliro a kuchikazi, ndipo akapanda kuoneka banja lake ligwedezeka. Kwa Asena ndi Atumbuka, kumene kuli lobola, kulemera kuli kuchimuna: mchimwene wa bambo ako ndi bambo ako, ndipo mkazi wokwatiwa ayenera kukakhala pa maliro a kwa mwamuna wake.

Kampani siingatseke fakitale pa maliro aliwonse, zimenezo aliyense amadziwa. Chimene chimathandiza n'kugwirizana maliro asanagwe. Tsiku lolembedwa ntchito, munthu atchule yekha mayina a abale amene maliro awo angamupatse tchuthi cholipidwa, chiwerengero chikhale chimodzi kwa onse, koma asankhe yekha kuti ndi ndani. Wina aika amalume, wina azakhali, wina agogo amene anamulera. Mndandandawo uunikidwe kamodzi pa chaka. Maliro ena onse akhale a tchuthi chosalipidwa kapena chochotsera pa masiku a tchuthi cha pachaka, ndipo a mnzawo wa pa ntchito papite nthumwi zowerengeka za divishoni, osati gulu lonse. Umboni ukhale kalata ya amfumu, ya mpingo kapena ya mzikiti, yobwera nayo pobwerera. Kuuza munthu amene wangomva uthenga wa imfa kuti ayambe wabweretsa pepala n'kumene kumabala chidani.

Masiku ofanana si chilungamo nthawi zonse. Masiku atatu kwa wa ku Bvumbwe ndi masiku atatu a pamaliro. Kwa wa ku Karonga kapena ku Chitipa amathera m'basi. Lamulo la kampani linene masiku a maliro, kenako liwonjezere a ulendo potengera boma limene munthu analembetsa kuti ndi kwawo. Ndipo Asilamu amaika maliro msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo, choncho kapitawo akhale ndi mphamvu yomasula munthu nthawi yomweyo, mapepala n'kudzalemba pambuyo. Akadikira siginecha ya bwana amene wapita ku Limbe, munthuyo akapeza manda atakwirira.

Nkhani ya masiku opembedza anthu amaiona ngati vuto, koma pa esiteti ikhoza kukhala mwayi. Thyolo ndi kwawo kwa Malamulo, mishoni ya Seventh Day Adventist imene yakhala ku Makwasa kuyambira 1902, ndiye a Sabata kuno ndi ambiri. Sabata lawo limayamba dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowa Loweruka, kutanthauza kuti shifiti ya usiku wa Lachisanu ilinso m'kati. Ambiri okonza ndandanda amaiwala zimenezi. Asilamu amafuna maola awiri a masana Lachisanu kuti akaswali. Akatolika, a CCAP ndi mipingo ina ndi Lamlungu. Tsono tiyi sadziwa Sabata: masamba otchola Loweruka amayenera kufota maola oposa khumi asanalowe m'makina, ndiye nyengo ya masamba ambiri fakitale imagwira Lamlungu. Wokonza ndandanda amene akudziwa chipembedzo cha anthu ake amaika a Sabata ndi Asilamu Lamlungu, a Lamlungu n'kugwira Lachisanu usiku ndi Loweruka. Alonda, oyendetsa mathirakitala ndi a ku boila zimatheka chimodzimodzi. Chofunika n'chakuti kusinthanako kulembedwe ndipo kuonekere pa bolodi, ndiponso malipiro a ovataimu atsatire lamulo mofanana. Zikamachitika mwa kunong'onezana ndi kapitawo, ena amayamba kunena kuti pali okondedwa.

Mwezi wa Ramadan umasendera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye musadalire kalendala ya chaka chatha. Amene akusala apatsidwe ntchito yolemetsa m'mawa, monga kudulira, kunyamula nkhuni za bulugamu ndi kupopera, ndipo ngati kampani imapereka chakudya cha masana, gawo lawo lisangotayika. Apatsidwe ufa ndi nyemba zosaphika kuti akadyere kunyumba madzulo. Tsiku la Eid limadalira kuoneka kwa mwezi ndipo limalengezedwa usiku, choncho konzekerani masiku awiri otsatizana. Ku khitchini nsima ya nyemba kapena nandolo siivuta munthu. Mavuto amabwera tsiku la nyama kapena la phwando. Mbuzi kapena ng'ombe azinge Msilamu, aliyense adya. Nkhumba isayandikire miphika ndi zipande za onse. A Sabata sadya nkhumba ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba, ndipo ambiri samwa tiyi, ngakhale kuti ndi omwewo amamutchola, ndiye pa msonkhano pakhale china chakumwa. Pemphero lotsegulira msonkhano lizizungulira, ndipo amene chikhulupiriro chake sichimulola kupemphera ndi ena, monga a Mboni za Yehova, asiyidwe osafunsidwa mafunso.

Zovala ndi nkhani yaifupi koma imatha kupha munthu. Pafupi ndi malamba ndi makina odula masamba sipafunika nsalu yolendewera, kaya ndi chitenje, mpango kapena mkanjo. Koma kumbukirani kuti akazi m'dziko muno ankaletsedwa ndi lamulo kuvala mathalauzi kuyambira 1973 mpaka 1993, ndipo mipingo ina ndi amuna ena sanasinthe maganizo. Kungoponyera mayi ovolosi n'kumuuza kuti "vala kapena pita" kumapangitsa kuti azimanga chitenje pamwamba bwana akachoka, ndiye ngozi ija yabwerera. Perekani jasi yofika m'mawondo yomanga mabatani pamwamba pa thalauzi, malo osinthira a akazi okhaokha kuti asayende nazo pamsewu, ndi chophimba kumutu chothina chimene chimalowa m'kolala kwa amene amavala hijabu.

Tsankho la mitundu pa esiteti silionekera pa zilankhulo. Limaonekera pa sikelo, pa kagawidwe ka minda ndi pa kalembedwe ka ntchito. Wotchola amalipidwa potengera makilogalamu, ndipo minda siifanana: wina ndi tiyi wa mitundu yatsopano wophuka bwino pamalo athyathyathya, wina ndi wakalekale pa phiri loterera kutali ndi shedi. Gulu limodzi likamangopezeka pa munda woipa, ndipo kapitawo wogawa n'kukhala wa mtundu wina, nkhani yatha kale, ngakhale atakhala kuti sanaganizeko zimenezo. Ndandanda ya kasinthasintha wa minda ilembedwe mwezi wonse ndipo ipachikidwe. Pa sikelo, wotchola aone yekha nambala, ndipo kalaliki aitchule mokweza asanalembe. Ngati tsikulo kuchotsedwa kanthu chifukwa masamba anyowa ndi mvula, zinenedwe kuyeza kusanayambe, kuchuluka kwake kukhale kumodzi kwa onse. Masamba akakanidwa kuti ndi okhwima, musangoti "oipa". Tengani dzanja limodzi m'dengumo, yalani pa thebulo, patulani masamba awiri ndi kansonga kumbali, okhwimawo kumbali, mwini wake akuona. Pokhala ndi mwala wodziwika kulemera kwake woyesera sikelo m'mawa uliwonse pamaso pa nthumwi ya antchito, theka la miseche limatha.

Polemba aganyu ndi pokweza anthu ndi pamene mawu akuti "mwana wakwathu", "wakwithu" ndi "obwera" amamveka. Kapitawo mmodzi asamalembe yekha. Pakhale anthu atatu osachokera kumodzi, mmodzi mwa iwo mayi, ndipo zoyenereza zinenedwe poyera. Lamulo lilipo kale: gawo 20 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa tsankho la mtundu, chilankhulo, chipembedzo ndi ndale, ndipo Employment Act ya 2000, lamulo la zantchito, ikunenanso zomwezo za pa ntchito. Gawo 26 limapatsa munthu ufulu wolankhula chilankhulo chimene wasankha, choncho kuletsa anthu awiri kuyankhulana Chitumbuka kapena Chisena pa nthawi yopuma n'kulakwa. Chimene mungapemphe n'chakuti pa msonkhano ndi pa malangizo a ntchito pakhale chilankhulo chimene onse akumva. Nsalu ndi malaya a zipani zitsale kunyumba, makamaka chaka cha chisankho. Wopita ku Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde mu Okutobala apemphe tchuthi ngati mmene angapemphere wopita ku mwambo wa kwawo kwina kulikonse, ndipo ayankhidwe mofanana.

Nthabwala za mitundu zilipo ndipo sizidzatha: zakuti awa amadya zakutizakuti, awa amalankhula chonchi. Pakati pa anthu ofanana udindo amene amadyera mbale imodzi, zambiri zimathera m'kuseka. Zikachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono zimasanduka china, chifukwa wamng'onoyo sangabweze. Kapitawo kapena manejala asayambe nawo. Dzina lakuti Anguru Alhomwe analikana kalekale, m'zaka za m'ma 1940, ndipo amene akulitchulabe lero akudziwa chimene akuchita.

Palinso nkhani imene mabuku a utsogoleri sakamba. Wotchola amene amaposa anzake makilo tsiku ndi tsiku, kapena wobwera amene wakwezedwa msanga, amayamba kunenedwa kuti ndi wokhwima, akukoka masamba a anzake ndi mankhwala. Manejala akaseka n'kunena kuti zimenezo kulibe, anthu amangosiya kumuuza, koma nkhaniyo imapitirira mpaka wina atamenyedwa. Akavomereza n'kuyamba kufufuza za ufiti, waphwanya lamulo, chifukwa Witchcraft Act ya 1911 imati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Musatsutsane za chikhulupiriro. Gwirani zimene zikuoneka: onetsani mabuku a makilo, muike munthuyo mzere woyandikana ndi odandaulawo kuti aone liwiro la manja ake, nenani poyera kuti kuopseza mnzako ndi mlandu wa pa ntchito, ndipo ngati moyo wake uli pa chiswe msamutseni divishoni ndi kudziwitsa apolisi.

Alendo amabwera pafupipafupi: ogula tiyi, oyendera a Rainforest Alliance kapena Fairtrade (mabungwe amene amapereka ziphaso akaona kalimidwe ndi kasamalidwe ka antchito), ofufuza, azaumoyo. Amene anali kuno mu 2017 akukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu n'kuphedwa pongoganiziridwa, mabungwe ena n'kuchotsa antchito awo. Phunziro lake kwa olemba ntchito n'losavuta kutsatira. Mlendo aliyense wonyamula zida zachilendo, woyeza malo, woulutsa kandege kojambula kapena wotenga magazi asafike mwadzidzidzi. Uzani amfumu a midzi yozungulira, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi nthumwi za bungwe la antchito masiku angapo zisanachitike. Nenani kuti ndi ndani, abwera ndi galimoto yotani, achita chiyani, ndipo ayenda ndi munthu uti wodziwika wa pamalopo. Ngati ndi kuyeza magazi kwa opopera mankhwala, achite ndi azaumoyo amene anthu amawadziwa, masana, ndipo zotsatira zibwerere kwa mwini wake.

Womasulira pa maulendo otere asankhidwe bwino. Vuto la omasulira athu si kusadziwa Chingerezi, ndi ulemu. Wantchito akati "chakudya n'chochepa ndipo chimabwera mochedwa", womasulira amati anthu akuthokoza koma akupempha kuti ziwonjezereke pang'ono. Mlendo akalankhula mosapsatira, womasulira amathira shuga. Mapeto ake onse awiri amasiyana akumwetulira, osamvana. Muuzeni womasulira kuti anene zonse mmene zanenedwera, wolankhula aziima pakatha ziganizo ziwiri, ndipo womasulirayo asakhale bwana wa amene akufunsidwa. Kwa makalaliki ndi mamanejala a kuno amene amagwira ndi mabwana akunja ndinene mosabisa: nkhani yoipa ipite msanga. Ife timazengereza, timayamba tayesa kukonza, timadikira nthawi yabwino yoti tinene kuti makina aonongeka. Kwa iwo kuchedwa kunena n'koipa kuposa kuonongekako. Nenani vuto, nenani chimene mwachita kale, nenani tsiku limene zitheke, ndipo ngati sizitheka nenani kuti sizitheka.

Pa msonkhano wa onse, kukhala chete si kuvomereza. Amayi ambiri salankhula pamaso pa amuna awo kapena akuluakulu, achinyamata sadutsa makolo, ndipo aganyu saputa amene adzawalembenso chaka chamawa. Mukafuna kumva zoona gawani anthu m'magulu a anthu osapitirira khumi, amayi paokha ndi mtsogoleri wachizimayi, aganyu paokha, kapitawo atatuluka. Funsani kuti "anzanu amadandaula zotani?" m'malo mwa "inu muli ndi vuto lanji?", chifukwa munthu amamasuka kunena za iye mwini akamaoneka ngati akunenera ena. Bokosi la madandaulo lokhomedwa pakhomo la ofesi ya bwana limangosunga akangaude, wosadziwa kulemba alibe nalo ntchito ndipo wodziwa amaopa kuonedwa.

Zikafika pa mlandu, gawo 57 la Employment Act limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Mpata umenewo ndi wopanda pake ngati mlandu ukukambidwa m'chilankhulo chimene iye sakuchimva bwino. Kalata yomuitana ilembedwe m'Chichewa ndipo iwerengedwe kwa iye pamaso pa mboni. Abwere ndi mnzake kapena nthumwi ya PAWU, bungwe loimira antchito a m'maesiteti. Womasulira asakhale kapitawo amene akumuneneza. Mulekeni afotokoze kuyambira kutali, chifukwa kwathu kuno nkhani imayambira pa chiyambi, ndipo kumudula kuti "yankha inde kapena ayi" kumataya mfundo imene inali kubwera kumapeto. Kupepesa musakutenge ngati kuvomera mlandu, ambiri amati "pepani bwana" pofuna kuziziritsa mtima wa wamkulu, osati chifukwa anaba. Zolembedwa ziwerengedwe mokweza asanasaine kapena kudinda chala, ndipo apatsidwe pepala lake. Milandu imene imakafika ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya zantchito, imagwa kawirikawiri pa zinthu zing'onozing'ono zomwezi.

Koma si zonse zimene zili za chikhalidwe, ndipo mawu amenewa asakhale chobisalira. Malipiro akachedwa kapena makilo akasowa m'buku, anthu sakwiya chifukwa ndi Alhomwe kapena Asena, akwiya chifukwa ndalama yawo kulibe. Kapitawo amene amauza mayi kuti amulembanso ganyu kapena amupatsa munda wabwino akagona naye sakutsata mwambo wa mtundu uliwonse. Gender Equality Act ya 2013, lamulo loona za kufanana kwa amuna ndi akazi, imati umenewo ndi mlandu, chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende, ndipo nkhani yotere siyothera kwa ankhoswa kapena pa kupepesa ndi nkhuku. Pamene chikhalidwe chimalowa ndi pa njira yonenera. Mayi sangafotokoze zotere kwa bambo, ndipo amaopa kuti mwamuna wake akamva banja litha. Pakhale amayi awiri kapena atatu pa divishoni iliyonse, osankhidwa ndi amayi anzawo, a zilankhulo ndi zipembedzo zosiyana, amene angafikiridwe kumpopi kapena ku sikelo ya ana popanda wina kudabwa. Iwowo akhale ndi njira yofikira kwa wamkulu wa ogwira ntchito osadutsa mwa kapitawo kapena manejala wa divishoni. Wodandaulayo auzidwe tsiku limene adzamve yankho, ndipo pamene kufufuza kukuchitika, wosamutsidwa akhale wonenezedwayo, osati mayiyo.